Migrate, emigrate, immigrate

Migrate ndi mneni wa Chingerezi wotanthauza kusamuka kuchoka dera lina kupita kwina, kawirikawiri mwachigulu kapena motsatira nyengo. Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti migrare. Amanenedwa pa anthu ndi nyama zomwe, monga nyumbu za ku Serengeti zotsata msipu, kapena anamzeze othawa chisanu ku Ulaya.

Emigrate ndi immigrate kwenikweni ndi a anthu, ndipo amasiyana potengera mbali yomwe wolankhula waima. Woyambayo amaloza dziko lomwe munthu watulukamo, winayo dziko lomwe walowamo. Mmalawi wokakhazikika ku Johannesburg ndi emigrant kwawo, koma immigrant ku South Africa. Wongopita kukagwira ntchito n'kubwerako, monga ankachitira a kumigodi, amatchedwa migrant.