Kuwerenga Mantha: Oyang'anira Chisankho ndi Ziopsezo m'Malawi, 1993 ndi 1994

Pa 18 Okutobala 1992, Dr Hastings Kamuzu Banda adalengeza kuti Amalawi adzafunsidwa pa riferendamu ngati akufuna kukhalabe pansi pa chipani chimodzi kapena kulowa m'ndale za zipani zambiri. Patangodutsa masiku awiri, a Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba. A Chakufwa Chihana, omwe adagwidwa pa 6 Epulo chaka chomwecho atangotsika ndege ku Lilongwe, adali akuyankhabe mlandu, ndipo mu Disembala adagamulidwa kukaseweza kundende. Funso lidaperekedwa kwa mtundu wonse, koma mtunduwo udali ukuona ndi maso ake zimene zimagwera munthu woyankha mokweza. N'chifukwa chake mbiri ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 siingakambidwe bwino popanda kukamba za anthu amene adatumidwa kukayeza ngati ovota adali omasukadi, ndi za malire a zimene muyeso wawowo udatha kugwira.

Mantha amene anthuwa adawapeza sadayambe ndi kampeni. Gulu la Malawi Young Pioneers lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1963, ndipo posakhalitsa lamulo lidalikweza mwakuti wapolisi sakadamanga mpayoniya asadafunse akuluakulu a gululo. Anyamata a Youth League, ovala malaya ofiira, omwe anthu ankawatcha monong'ona kuti chiswe, ankaima pazipata za misika ndi pamalo okwerera basi kufuna khadi la chipani. A Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula khadilo, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo adathawira kunja nyumba zawo zitatenthedwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Munthu amene wakulira m'zoterezi salira chibonga kuti achite mantha. Kungomukumbutsa n'kokwanira.

Chitsanzo cha ntchito yoyang'anira chisankho chidali pakhomo pompa. Pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 ku Zambia, chimene chidatsitsa a Kenneth Kaunda pampando, gulu lotsogozedwa ndi a Jimmy Carter lidagwira ntchito moyandikana ndi magulu a eni dziko, ambiri a iwo ochokera m'mipingo. Ku Malawi nako mipingo ndiyo idatsogola. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene idasindikizidwa, idatenthedwa. Mu Meyi anthu pafupifupi 40 adaphedwa pa zipolowe za ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo la chitukuko. Chakumapeto kwa chakacho kudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, lophatikiza mipingo yachikhristu, Asilamu, maloya ndi amalonda, ndipo ndilo lidakhala mneneri wa ofuna kusintha pokambirana ndi boma.

Mkangano woyamba, umene mwa kuona kwanga udaposa yonse, udali wa mabokosi. Boma lidafuna mabokosi awiri, lina la tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, lina la nyali, chizindikiro cha matipate. Poimva chabe, njirayi inkaoneka yothandiza anthu osadziwa kuwerenga. Koma aliyense wodziwa moyo wa pamudzi adauona msamphawo: bokosi limene munthu walunjika limadziwika, mapazi amamveka, ndipo bokosi la nyali likadatha kusochera panjira linzake lili bwinobwino. Magulu a AFORD ndi UDF adaopseza kuti anyanyala. Bungwe la United Nations, lomwe lidali litalangiza kale kuti tsiku lisunthidwe kuchoka pa 15 Malichi kufika pa 14 Juni 1993, lidathandiza kuti mbali zonse zigwirizane za bokosi limodzi. Wovota ankalandira mapepala awiri, n'kulowa yekha m'kachipinda, kuika pepala la kukhosi kwake mu envulopu, linalo n'kulitaya momwemo, kenaka n'kukaponya envulopuyo m'bokosi anthu onse akuona. Palibe chimene oyang'anira adachita pa tsiku lovota chimene chidateteza wovota kuposa chigwirizano ichi, chomwe chidamangidwa patebulo masabata angapo m'mbuyo mwake.

Alendo odzaona riferendamu adasonkhanitsidwa pansi pa dzina la Joint International Observer Group, mothandizidwa ndi United Nations, ndipo pa tsiku lovota adalipo oposa 200. Ochepa mwa iwo adafika msanga kudzaona kalembera ndi misonkhano ya kampeni. PAC nayo idakonza anthu ake. Zimene onsewa ankalemba zidali zogwirika: msonkhano umene apolisi aukaniza chilolezo, wolankhula amene wamangidwa, munthu wotupa nkhope, galimoto ya boma yotuta anthu kupita ku msonkhano wa Kongeresi. Bungwe la Article 19 la ku London lidatchera khutu makamaka ku wailesi, pakuti MBC idali yokhayo m'dziko, wailesi ya kanema kudalibe, ndipo mawu a otsutsa ankamveka mwa apo ndi apo pamene misonkhano ya Ngwazi inkaulutsidwa chiyambire mpaka mapeto. Ntchito imeneyi siyoinyoza. Nkhanza za chipani zidalembedwa ndi masiku ndi malo ake, n'kuwerengedwa poyera.

Koma tiyeni tiime pa mawu, poti mpamene pagona nkhani. Chichewa chilibe liwu limodzi lomukwana mlendo wodzaona chisankho. Tikati woonerera, tamuimika m'mbali mwa bwalo la mpira kapena la gule, pamene anthu amaomba m'manja koma salowerera. Tikati woyang'anira, tamuveka mphamvu za kapitawo zimene alibe, chifukwa malamulo a ntchito yake amamuletsa kuweruza: amaona, amalemba, n'kumapita. Munthu wa kumudzi amene wamva kuti kwabwera oyang'anira ali ndi chifukwa choyembekezera kuti akadandaula, mlandu wake uzengedwa. Akazindikira kuti dandaulo lake lingothera m'kope, amayamba kuwerengera mtengo wake. Akale adati mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera mame amakamuka, koma nyakwawa, wapampando wa nthambi ya chipani ndi mnansi amene adakuona ukucheza ndi mzungu amatsala pomwepo. Onjezanipo kuti machezawo ankadzera mwa womasulira, amene wodandaulayo sankadziwa kuti mtima wake uli ku tambala kapena ku nyali.

Chovuta china n'chakuti chiopsezo chimatha mphamvu chikamasuliridwa. Chilankhulo chathu chimasiyanitsa kulangiza, kuchenjeza ndi kuopseza, koma chiganizo chimodzi chikhoza kugwira ntchito zitatu zonsezi, malinga ndi mwini pakamwa. Tiyerekeze mfumu yauza anthu ake kuti aganize bwino, poti malo ano ali ndi eni ake. Womasulira wokhulupirika anena kuti mfumu yapempha anthu kuti asapupulume, ndipo sadaname. Koma womva, amene munda wake adaulandira kuchokera m'manja mwa mfumu yomweyo, wamva za kulandidwa munda. Liwu lakuti tidzaonana ndi lotsazikirana abwenzi, koma likatuluka m'kamwa mwa mnyamata wa malaya ofiira limasanduka chigamulo. Kuonjeza apo, zaka pafupifupi makumi atatu za chipani chimodzi zidaphunzitsa anthu kukamba za nkhanza osatchula wozichita. Munthu ankangoti uje adasowa, adatengedwa usiku, zidamuonekera. Fomu ya woyang'anira imafuna wochita, wochitidwa, tsiku ndi malo. Chiganizo chobisa mchitantchito, chimene kwa ife chili ndi tanthauzo lathunthu, chimasiya mpata wopanda kanthu pa fomuyo, ndipo zopanda wozichita sizilowa m'chiwerengero.

Nanga uthenga wakuti matipate ndi nkhondo tiuika m'gulu liti? Pa nthawiyo Malawi ankasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idangotha kumene ndi pangano la ku Rome la mu Okutobala 1992. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire, munthu ankangotembenuza khosi n'kuona mabwinja a nyumba ndi masitolo tsidya linalo. Kwa mlendo, uthengawo udali maganizo a ndale, ndipo aliyense ali ndi ufulu woneneratu zimene akuopa. Kwa mayi wa ku Ntcheu, woneneratu za nkhondoyo adali yemweyo amene adali ndi anyamata a mfuti. Chimodzimodzinso maina onyoza monga zigawenga kapena abongololo, amene ankapatsidwa kwa ofuna kusintha: m'dziko limene liwu lakuti chigawenga lidatengera anthu ku Mikuyu ndi ku Dzeleka osazengedwa mlandu, kumutcha munthu dzinalo pa msonkhano kudali kumulozera ku khomo la ndende.

M'chigawo chapakati mudabukanso nkhani ya Nyau. Malipoti a zaka ziwirizi amatchula za zilombo zimene zinkabalalitsa misonkhano ya otsutsa ndi kuopseza anthu ofuna kusintha. Apa mpamene njira za oyang'anira zidagwira mwala. Mwa mwambo, amene ali m'chigoba si munthu, ndi chilombo chochokera kudambwe, ndipo kumutchula dzina ndi mlandu waukulu, ngakhale mudzi wonse utamuzindikira pa kayendedwe. Mboni yoona ndi maso inkatsekedwa pakamwa kawiri, ndi mantha a chipani ndiponso ndi ulemu wa mwambo. Wolemba lipoti ankatsala ndi chochitika chopanda munthu woti n'kumuzenga. Sindikunena kuti Gule Wamkulu ndiye adali wolakwa. Mwambo umenewu, womwe UNESCO idaulemekeza mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, udalipo chipani chisanabadwe, ndipo udapirira ndi amishoni ndi atsamunda omwe. Andale adangobwereka chigoba, podziwa kuti n'chokhacho chimene m'mudzi simungapezeke wochivula. Zolemba za a Deborah Kaspin zimaonetsa bwino mmene ulamuliro wa a Banda udadzimangirira ku chikhalidwe cha Achewa, mpaka kukana chipani kunkaoneka ngati kukana mtundu wako.

A Chihana adatulutsidwa m'ndende pa 12 Juni, kutatsala masiku awiri, ndipo tsiku lovota lidadutsa mwabata. Anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha nyali. Kumpoto ndi kummwera nyali idaposa 80 pa 100, pamene pakati anthu awiri mwa atatu alionse adasankha tambala. Oyang'anira adavomereza kuti zotsatirazo zidali kufuna kwa Amalawi, ngakhale adadandaula ndi mmene kampeni idayendera. Ena amafulumira kunena kuti chigawo chapakati chidavota ndi mantha. Ine ndikuona kuti kutero n'kupeputsa anthu. A Banda adali mwana wa ku Kasungu, likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, Chichewa chidakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968 pamene Chitumbuka chinkachotsedwa pa wailesi, ndipo alipo ambiri amene adaponya tambala ndi mtima wonse. Woponya mwa chikondi ndi woponya monjenjemera adaika pepala lofanana mu envulopu yofanana, ndipo wowerenga mavoti sakadawasiyanitsa.

Chimene chidathyola msana wa mantha akale si lipoti la munthu aliyense. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo lidathira moto malikulu ndi misasa ya Young Pioneers pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani. A Banda adali akuchira ku opaleshoni imene adachitidwa ku Johannesburg. M'masiku ochepa gulu limene lidanjenjemeretsa dziko zaka makumi atatu lidabalalika, ndipo pafupifupi 2,000 mwa iwo adathawira ku Mozambique. Motero kampeni ya 1994 idachitika mfuti za chipani zitachotsedwa, koma ziopsezo zidangosintha khungu. Bungwe loyendetsa chisankho, lotsogozedwa ndi Jaji Anastasia Msosa, pamodzi ndi oyang'anira ochokera kunja, adadandaula za kulanda ndi kugula ziphaso zovotera, ntchito imene siisiya bala pathupi koma imachotsa munthu pamzere. Adaonanso kuti nthendayo idali italowa m'zipani zatsopano, pakuti m'madera ena amene dzulo ankalirira ufulu wosonkhana, tsopano ankathamangitsa misonkhano ya anzawo. Pa 17 Meyi a Bakili Muluzi adapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100, a Banda 33, a Chihana 19, aliyense atakolola kwambiri m'chigawo cha kwawo, ndipo a Banda adavomereza pa wailesi kuti agonja kuwerenga kusanathe.

Zipangizo zoyang'anira chisankho zidachuluka m'zaka zotsatira. Maiko a SADC adagwirizana mfundo zoyendetsera zisankho ku Mauritius mu 2004, ndipo m'Malawi mudabadwa mabungwe a eni dziko okhala ndi anthu m'boma lililonse, olankhula chilankhulo cha wodandaula, amene satsazika chisankho chikatha. Nawo anyamata a zipani adangosintha maina: adabwera a Young Democrats m'nthawi ya UDF, kenaka makadeti m'nthawi ya DPP. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti idatenthedwa kumpoto. Mu Novembala 2024 amuna obisa nkhope, onyamula zikwanje, adabalalitsa zionetsero ku Lilongwe, ndipo pa 26 Juni 2025, kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti anthu avote, a Sylvester Namiwa adamenyedwa mumzinda womwewo dzuwa likuswa mtengo, apolisi ndi asilikali ali chiimire pafupi, anthu akujambula pa mafoni.