Arsenic ndi chiyambi cha umboni wa sayansi m'khoti

Mawu oti forensic adachokera ku liwu la Chilatini lakuti forum, bwalo lomwe Aroma ankazengerapo milandu. Zomwe katswiri wapeza m'labotale ziyenera kukaonekanso pamaso pa oweruza.

James Marsh, katswiri woyeza mankhwala ku Woolwich, adaziona izi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830. Adayeza khofi pa mlandu wa John Bodle, yemwe ankaganiziridwa kuti adapha agogo ake aamuna. Adapezamo arsenic, poizoni wopanda fungo amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba ngati kolera. Koma zotsalira zachikasu zomwe zidasonyeza poizoniyo zidawonongeka oweruza asanazione, ndipo Bodle adamasulidwa.

Mu 1836 Marsh adafalitsa njira ina. Chinthu chokayikitsacho chimasakanizidwa ndi zinc komanso asidi wa sulphuric. Ngati muli arsenic, pamatuluka mpweya wa arsine, womwe ukayatsidwa umasiya banga lakuda lonyezimira pa mbale yozizira. Bangalo limasungika, ndipo ngakhale munthu wamba amatha kuliona.

Komabe njira yabwino payokha siikwanira. Pa mlandu wa Marie Lafarge ku Tulle, France, mu 1840, akatswiri am'deralo adapeza zotsatira zotsutsana. Mathieu Orfila, yemwe adaitanidwa kuchokera ku Paris, adapeza arsenic m'mtembo wa mwamuna wa mayiyo. Chofunika koposa, adaonetsa kuti poizoniyo sadachokere m'mankhwala oyezera kapena m'dothi la kumanda. Lafarge adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.