Mphika wa nandolo ndi njira ya pa Fort Lister

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata umene anthu akhala akudutsapo kuyambira kalekale. Mu 1893 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linamanga linga pamenepo n'kulitcha Fort Lister. Cholinga chinali kutseka njira ya amalonda a ukapolo amene ankadutsa ndi anthu pa mpatawu kulowera kugombe la Quelimane. Lingalo silinakhalitse. Patangopita zaka pafupifupi khumi asilikali anasamuka, ndipo lero patsala makoma ogumuka ndi manda.

Mabuku a mbiri akafika pa Fort Lister amakonda kukamba za mfuti. Koma chigawo chomwechi chinaonanso ulendo wina, wa anthu oyenda wapansi, madengu pamutu, ana kumbuyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, Alhomwe ambirimbiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa misonkho, ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi komanso njala. Anakhazikika ku Phalombe, Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba. Ambiri anafikira m'maesiteti a azungu, monga a A. L. Bruce ku Magomero, kumene ankalipira malo okhala pogwira thangata. Munthu wotero analibe khola la ng'ombe, analibe munda waukulu, ndipo nthawi ya dzinja, pamene aliyense amayenera kukhala m'munda mwake, iye amakhala m'munda mwa bwana. Nanga ankadya chiyani?

Yankho lake ndi mndandanda umene lero akatswiri a zakudya angauombere m'manja. Chinangwa, chimene chimapirira pa nthaka yoguga ndipo chimadikira mwini wake pansi mpaka atachifuna. Makaka, amene amasungika miyezi, n'kusinjidwa kukhala ufa wa nsima ya mtandaza. Chigwada, masamba a chinangwa chomwecho. Nandolo, khobwe, nzama, mtedza, mapira, mbatata ndi kholowa wake, maungu ndi nkhwani wake. Kutchire ndi m'mizere munkamera bonongwe, chisoso, luni ndi denje popanda wozibzala. Masamba akachuluka amayi ankafutsa n'kusunga mfutso m'zikwatu kuti chilimwe chisawapeze opanda ndiwo.

Onani kuti pa mndandandawu palibe mkaka wa ng'ombe, palibe batala, palibe mafuta a m'botolo. Ntchito yonseyo inkagwiridwa ndi nsinjiro. Phala la mwana lothira nsinjiro, nkhwani wotendera, futali wa mbatata: mtedza ndiwo unkapereka mafuta ndi zomanga thupi. Chakumwa chinali thobwa. Zimene masitolo a m'tauni akugulitsa lero pa mtengo wokwera, ati chakudya chopanda mkaka ndi nyama, agogo aakazi a ku Phalombe ankaziphika pa mafuwa atatu popanda kuzipatsa dzina.

Nandolo ayenera kupatsidwa ulemu wake payekha. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, choncho sapikisana ndi chimanga ngakhale abzalidwe m'mzere umodzi. Chimanga chikakololedwa iye amatsala ali wobiriwira, n'kudzabereka nthawi ya chilimwe pamene ndiwo zavuta. Amabwezeretsa chonde m'nthaka, masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. M'mbale namo amagwirizana ndi nsima: zomanga thupi za m'chimanga n'zoperewera, ndipo mbali imene ikusowayo imapezeka mu nandolo ndi nyemba. Mayi wopakula nsima ndi chipere sankadziwa mawu a sayansi, koma mbale yake inali yokwanira.

Ndiye pali kalongonda, m'bale wake wa chitedze. Nyemba imeneyi ili ndi mankhwala amene amazunguza mutu ngati siinapse bwino. Pamafunika kuiwiritsa nthawi yaitali, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, mpaka ululu utatha. Akuluakulu amasimba kuti kale adani akabwera kudzachita nkhondo, eni mudzi ankathawa n'kusiya miphika ya kalongonda wosapsa pamoto, adaniwo n'kudya mwaumbombo, kenako n'kugonja okha. Kaya zinachitikadi choncho, nthanoyi ikuonetsa chinthu chimodzi: kuphika kalongonda ndi luso, ndipo luso limenelo linali chuma cha anthu amene analibe chuma china.

Tsono zinakhala bwanji kuti chakudya chotere chiyambe kuchititsa manyazi? Choyamba, chinali chakudya cha obwera. Alhomwe ankaitanidwa ndi dzina lonyoza lakuti Anguru, ndipo pamene Lewis Mataka Bandawe ndi anzake ankayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943, nkhondo yawo yaikulu inali yoti dzina limeneli lisiyidwe. Munthu akanyozedwa, mbale yakenso imanyozedwa. Ambirife tinakula tikumva nthabwala za kalongonda ndi makaka. Chachiwiri, tauni ndi sukulu zinatiphunzitsa muyezo wina wa moyo wabwino: tiyi wamkaka, buledi wopaka majarini, nsima yoyera mbee ndi nyama yokazinga. Mgaiwa tinausiyira akaidi ndi ana a sukulu zogonera konko. Mlendo akabwera n'kupeza masamba okhaokha timapepesa, ati "lero kulibe ndiwo," chikhalirecho mumphika muli nkhwani wotendera.

Komatu ufa woyera uli ndi mtengo wake wobisika. Pokonola chimanga timachotsa madeya pamodzi ndi kamtima kake, momwe muli mafuta ndi mavitamini ambiri, n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba. Ponyika mphale m'madzi zina zimapitanso. Ziweto zimanenepa, ife n'kutsala ndi chokhutitsa basi.

Mbiri inatipatsapo phunziro lowawa pa nkhaniyi, ndipo linadzera njira yomwe ija ya ku Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1990 kunabuka matenda a pellagra pakati pa othawawo m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala. Khungu limathetheka ngati lapsa m'malo owombedwa ndi dzuwa, m'mimba mumatseguka, ndipo ena amasokonezeka mutu. Gwero lake linali lakuti mtedza umene unkaperekedwa pamodzi ndi ufa unasiya kufika kwa miyezi ingapo, anthu n'kutsala akudalira chimanga. Mtedza uli ndi niacin wambiri, vitamini amene thupi limavutika kumupeza m'chimanga. Kamtedza komwe timakaona ngati kongotafuna pocheza ndiko kanali mpanda pakati pa anthuwo ndi matenda.

Tisanamizane, moyo wakale sunali paradaiso. Njala inalipo, ya 1949 ikukumbukiridwabe kummwera kuno. Chinangwa pachokha chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, ndipo chowawa chija chimapha ngati sichinakonzedwe bwino. Makolo athuwo sanali osala nyama ayi. Akapeza matemba a m'nyanja ya Chilwa, mbewa, ngumbi kapena nkhuku ya mlendo ankadya, ndipo tinthu tating'onoting'ono timeneti tinkakwaniritsa zimene masamba sapereka. Amene wasankha kusiyiratu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka adziwe kuti vitamini B12 sapezeka m'zomera, ayenera kumufuna kwina atafunsa achipatala. Khanda nalo lisalowetsedwe m'nkhaniyi: chakudya chake ndi bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Mphamvu ya mbale ya makolo inali pa kasinthasintha, zomwezo zimene a zaumoyo amatiuza lero akamakamba za magulu asanu ndi limodzi a zakudya.

Lero nandolo wa ku Phalombe ndi Mulanje wasanduka mbewu yogulitsa. Wambiri amapita ku India, kumene amamukonola n'kuphika ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku yotchedwa dal. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo unagwa koopsa ndipo alimi anatsala ndi matumba m'nyumba akulira kuti msika wapita. Kulira kwawo kunali koona, chifukwa fizi ndi feteleza sizilipiridwa ndi chipere. Koma n'zodabwitsa kuti chakudya chimene mabanja mamiliyoni ku India amachiika patsogolo, ife eni ake timachiona ngati chodya wosauka, pamene ana ambiri m'midzi yathu ndi okwinimbira ndipo m'tauni shuga ndi BP zikutha anthu.

Chinanso choopsa n'chakuti mbewu ndi luso zimatha mwakachetechete. Napolo wa mu March 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi minda, ndipo namondwe wa Freddy anabwerezanso mu March 2023. Madzi akapita, thandizo limabwera ndi mbewu ya chimanga, koma nzama, mapira ndi kalongonda zimabwerera pokhapokha ngati pali gogo wina amene anasungako m'chikwatu. Gogoyo akatisiya asanaphunzitse mdzukulu kangati madzi a kalongonda amatayidwa, bukulo latsekedwa.

Ku Chonde, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, zakudyazi zimaonekera kamodzi pachaka, anthu n'kujambulitsa nazo zithunzi. Malo ake enieni ndi pa mafuwa ndi pa mbaula zathu, Lolemba mpaka Lamulungu. Amene muli ndi agogo amoyo, sabata ino afunseni mmene ankafutsira masamba ndi kuphikira chipere, ndipo mulembe zimene akuuzeniwo asanaiwale.