Kodi Mwanawankhosa wa Paskha Anakumana Bwanji ndi Mtanda?

FUNSO: Bambo Mkonzi, chaka ndi chaka alaliki athu amati Yesu ndiye mwanawankhosa wa Paskha, chikhalirecho Paskhayo ndi phwando la Ayuda. Kodi chiphunzitsochi chinayamba liti, ndipo anachiyamba ndani? Ine wowerenga wanu wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mwafunsa za nzeru, mbale wathu, ndipo popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, tiloleni tiyambire ku Aigupto.

Buku la Eksodo, mutu 12, limasimba kuti ana a Israyeli asanatuluke mu ukapolo, banja lililonse linalamulidwa kupatula mwanawankhosa wamwamuna wa chaka chimodzi, wopanda chilema, pa tsiku la 10 la mwezi umene pambuyo pake unatchedwa Nisani. Kumsunga kufikira tsiku la 14, kumupha madzulo, kupaka mwazi wake pa mphuthu za chitseko ndi kamtengo ka hisope, ndi kudya nyama yake yootcha pamodzi ndi mkate wopanda chotupitsa ndi ndiwo zowawa, osathyolako fupa ngakhale limodzi. Nyumba zimene zinali ndi mwaziwo imfa inazilambalala.

Tsono popeza Yesu anapachikidwa ku Yerusalemu m'nyengo ya phwando lomweli, ndipo ophunzira ake anali Ayuda amene anakula akudya Paskha chiyambire ubwana wawo, n'zosadabwitsa kuti pofuna kumvetsa imfa yoopsayo, maso awo anagwera pa mwanawankhosa uja. Woyamba kulemba zimenezi, mwa malemba amene tili nawo, ndiye Paulo, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mutu 5, cha m'zaka za m'ma 50. Ndipo akuzitchula mongodutsa, osadzivuta kuzimasulira, chimene kwa ife chikusonyeza kuti mpingowo unazidziwa kale. Koma amene anazama ndiye Yohane: iye akuika dzina la Mwanawankhosa wa Mulungu pakamwa pa Yohane Mbatizi, akuika imfa ya Yesu pa tsiku lokonzera Paskha, limene ankapha nkhosazo m'Kachisi, akutchula hisope pa mtanda, ndipo akunenetsa kuti asilikali, atathyola miyendo ya ena awiri opachikidwa naye, ya Yesu sanaikhudze. Mateyu, Marko ndi Luka amauona mgonero womaliza ngati chakudya cha Paskha chenicheni, ndipo kusiyana kwa masiku kumeneku akatswiri akukukambirana kufikira lero.

Pali chinthu chimene alaliki ambiri amachidumpha. Mwazi wa ku Aigupto unali wotchinjiriza ndi kuwombola, ndipo Eksodo sakuutchula nsembe yauchimo. Akhristu oyamba anaulumikiza ndi mtumiki wa pa Yesaya 53, wotengedwa kokaphedwa ngati nkhosa chifukwa cha zolakwa za ena, ndipo m'kulumikiza kumeneko ndi mmene chiphunzitso mwafunsachi chinakhwimira.

M'zaka za m'ma 100, Justin, amene anadzaphedwa ku Roma chifukwa cha chikhulupiriro, analemba kuti nkhosayo inkaotchedwa yotungidwa pa mitengo iwiri yopingasana ngati mtanda. Ndipo Melito, bishopu wa ku Sardis, analalikira kuti Paskha wakale anali ngati kachifaniziro kamene mmisiri amayamba waumba asanaimike chinthu chenichenicho. Ulaliki wa Melito ndi wokoma m'khutu, koma tiyenera kunena mosabisa kuti muli mawu owawa otsutsa mtundu wonse wa Ayuda, ndipo mawu otere, atabwerezedwa zaka mazanamazana, anasandutsa Sabata Yoyera kukhala nyengo ya mantha kwa Ayuda a ku Ulaya. Mu 1965 Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, unakana poyera kusenzetsa Ayuda onse mlandu wa imfa ya Yesu.

Dziwaninso kuti Ayuda eni phwandoli saliona ngati mthunzi wa chinthu china: kwa iwo ndi chikumbutso cha ufulu umene Mulungu anapatsa makolo awo, chimene makolo amafotokozera ana pa chakudya cha usiku umenewo. Chigwetsedwere Kachisi ndi Aroma m'chaka cha 70, iwo saperekanso nsembe ya nkhosayo. Otsala akuipha ndi Asamariya, pa phiri la Gerizimu.