Ndondoca za Hollywood ndi Mfiti ya Kwathu

Tamverani, inu a kumigodi ndi a m'matauni. M'caka ca 1932 ku America kunaturuka kanema wochedwa White Zombie. Anthu akuda a ku Haiti anaonekamo ngati ndondoca zopera nzimbe usiku, zopanda mau, zopanda malipiro. Koma nkhani yonse inali ya mkazi wacizungu. Ndondocazo ngakhale ku Vubwi azidziwa, komabe palibe anatifunsa.

Zinatembenuka mu 2017, pamene Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaturutsa I Am Not a Witch, kanema wojambulidwa m'Zambia muno, m'Cinyanja ndi zinenero zina. Shula, kamtsikana konamiziridwa ufiti, amangidwa ndi lamba woyera wautali kuti asauluke. Coopsya m'menemo si mwanayo ai, koma akuru omuloza zala, ndi mkuru wa Boma womudyerapo ndalama. Mu 2018 Nyoni analandira mphotho ya BAFTA ku London.