Kodi ana a ku Mtunthama anathawa khasu, kapena ndi makalabu amene anawathawa?

Pamaliro, pabawo, ngakhale m'minibasi yochoka pa boma la Kasungu kulowera kummawa ku Mtunthama, nkhani ya ulimi ikangobuka sipalephera mkulu wina wogamula mlandu: ana a masiku ano ndi aulesi. Akuti kale mwana ankatuluka sukulu akudziwa kuunda mizere ndi kusamala nazale, pomwe walero akungodziwa kabaza, foni ndi ulendo wa ku Joni. Omvera amagwedeza mitu, mlandu n'kuthera pomwepo.

Ine chigamulochi ndimachikayikira. Mukalondola mbiri ya maphunziro a ulimi ndi makalabu a achinyamata m'chigawo cha fodyachi, simupeza chaka chimene ana anataya khasu. Mupeza kuti chilichonse chomwe chinabwera kudzaphunzitsa mwana ulimi chinali ndi mwini wake wapadera, kaya ndi mishoni, boma, chipani, wobwereketsa feteleza kapena wothandiza wakunja. Chinkayanga pa mwiniyo ngati nyemba paphesi la chimanga, ndipo phesi likagwa nachonso chinkagwera pomwepo.

Sukulu zisanafike, mwana ankaphunzira ali pambuyo pa mayi ake kapena amalume ake, kakhasu kogwirizana ndi msinkhu wake kali m'manja. Amishoni a Livingstonia atatsegula siteshoni ku Chilanga cha m'ma 1900, timasukulu ta m'midzi tinafalikira, kuphatikizapo ya ku Mtunthama komwe Hastings Kamuzu Banda anaphunzirira zilembo pansi pa mtengo wa kachere. Ntchito zamanja zinali mbali ya tsiku la sukulu. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yosula aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo kuti azikaphunzitsa ukhondo ndi ulimi m'midzi, ndipo mu 1956 ku Chitedze kunabwera sukulu ya Colby yophunzitsa alangizi. Pakati pa zaka ziwirizi panalowa malimidwe, malamulo a 1946 okakamiza mizere yopingasa ndi migula. Mlangizi woyamba amene anthu ambiri akumudzi anamudziwa anafika ndi chingwe choyezera mizere kudzanja lino, samani kudzanja linalo. Luso lenilenilo linali labwino, poti mizere yopingasa tikulima mpaka lero, koma linalowa m'mudzi ndi chindapusa, ndipo anthu sanaiwale.

Nthawi imene akuluakulu amaisirira ija inayamba mu 1963 ndi gulu la Malawi Young Pioneers, apayoniya. Maganizo ake anachokera ku Ghana ndi ku Israel, ndipo alangizi a ku Israel anathandiza kulikhazikitsa. Misasa inayambira ku Amalika m'boma la Thyolo ndi ku Nasawa m'boma la Zomba, kenako inapitirira 20 m'dziko lonse. Mnyamata kapena mtsikana ankakhala kumsasa miyezi yambiri akuphunzira kubzala pa nthawi yake, kulima ndi ng'ombe, kuweta nkhuku, ukalipentala ndi kumanga. Ena atamaliza ankapatsidwa malo m'masikimu. Pambali pake, koleji ya Bunda inayamba kulandira ophunzira m'zaka zomwezo za m'ma 1960, alimi ochita bwino ankapatsidwa ulemu wa uchikumbe, ulimi unakhala phunziro lolembedwa pamayeso, ndipo chaka chilichonse kunkakhala sabata ya achinyamata yokonza misewu, milatho ndi nyumba za okalamba. Mawu oti chuma chili m'nthaka mwana aliyense ankawadziwa.

Osakana, alipo madala ambiri ku Kasungu amene luso lawo la ulimi analitenga kumeneko, ndipo minda yawo imachitira umboni. Koma okumbukirawo amadumpha mbali ina. Funsani aliyense wa zaka zopitirira 50 za munda wa sukulu, akuuzani za chibalo. Wochedwa kufika, wosokosera m'kalasi, wolephera masamu, onse chilango chawo chinali chimodzi: ndime yopalira dzuwa lili paliwombo, anzawo akuwaonera pawindo, kapena chitsa choti azule asanapite kwawo. Chimanga chikacha ana ankakolola, kutonola ndi kuthira m'matumba. Komwe matumbawo ankapita, ndi ndalama zingati zinatulukamo, mwana sankauzidwa. Anaphunzira kugwira khasu, inde, koma kuwerengera zolowa ndi zotuluka, komwe ndiye mtima wa ulimi, sanakulawe.

Ku Mtunthama nkhaniyi inali ndi mutu winanso, fodya. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale ndi wowotcha m'balani. Ameneyu anali wa maesiteti ndi alimi ochepa osankhidwa, monga amene ankaphunzitsidwa m'masikimu a bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Maesiteti m'dziko muno anachoka pa 1,200 kapena kuyandikira apo mu 1979 n'kupitirira 14,000 mu 1989, ndipo Kasungu anali pakati penipeni pa chipwirikiticho. Mabanja a matenanti anadzaza m'derali kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Mangochi ndi kwina. Mwana wa tenanti sankasowa maphunziro a fodya. Ankathirira nazale m'bandakucha, ankathyola masamba mame asanaume, ankakhala m'chigafa kusoka fodya ndi kupachika mikangala, manja ali bii ndi phula lomata lija, kenako kusankha ndi kumanga ndindi mpaka usiku. Pofika zaka 15 ankaudziwa fodya kuposa mlangizi wongotuluka kumene ku koleji. Belo likadindidwa linkapita ku okushoni m'dzina la munthu wina.

Mu Novembala 1981, m'dera lomweli, pafupi ndi kachere uja, panatsegulidwa Kamuzu Academy, sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki kwa ana okhoza kwambiri ochokera m'maboma onse. Inatulutsa madokotala, maloya ndi akatswiri amene dziko likuwadalira. Koma kholo la m'mudzi woyandikana nayo silinkafunika kuuzidwa tanthauzo lake, poti maganizowa anali kale m'dziko lonse: mwana wanzeru amaphunzira kuti achoke kumunda, wotsala ndiye alime.

Nanga makalabu? Mawu akuti kalabu analowa m'midzi ndi ngongole. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, alimi ankasonkhanitsidwa m'magulu kuti alandire mbewu ya haibulidi ndi feteleza, kubweza atakolola. Lamulo linali lakuti mmodzi akalephera, kalabu yonse isalandire chaka chotsatira. N'chifukwa chake mamembala ankasankhana mosamala: eni minda yokulirapo, ambiri mwa iwo abambo a mabanja. Mnyamata wosakwatira, wopanda munda wakewake, analibe pokhala pamkeka umenewo. Ngongole zinkabwezedwa bwino kodabwitsa, kupitirira K90 pa K100 iliyonse, koma kabwezedwe kake aliyense akukakumbukira. Wolephera ankaona mbuzi yake ikukokedwa, njinga ikutengedwa, chitseko chikuzulidwa, nthawi zina ndi anzake a m'kalabu momwemo, ana akuonerera pakhonde.

Zonsezi zinagwa m'zaka zitatu zokha, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo.

Mvula ya 1991 mpaka 1992 inakana. Chimanga m'dziko muno chinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 1.6 miliyoni kufika pa matani osakwana 700,000. Alimi a m'makalabu analibe chogulitsa, ndipo ngongole yomwe inabwezedwa inangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mu Meyi maiko othandiza anaimitsa chithandizo chosakhudza njala. Dziko linalowa m'nyengo ya kampeni. Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, chimanga chinafika matani pafupifupi 2 miliyoni. Munthu akanayembekezera kuti ngongole zibwerera m'malo. Koma zobwezedwa zinatsikiratu, osafika ndi K20 pa K100. Pamisonkhano ya ndale, olankhula ena ankauza anthu kuti feteleza uja anali wa misonkho yawo yomwe, ena ankalonjeza kuti akalowa m'boma ngongole zidzakhululukidwa, ndipo panalibe wofuna mavoti amene akanalimba mtima kutuma anthu kukazula chitseko cha wovota. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha ndale za zipani zambiri. Ndondomeko ya ngongole ija sinadzukenso, ndipo makalabu ambirimbiri anabalalika, popeza chowasonkhanitsa chinali thumba la feteleza.

Mu Disembala chaka chomwecho, asilikali awiri ataphedwa pamkangano ndi apayoniya ku Mzuzu, gulu lankhondo linalanda zida apayoniya. M'masiku ochepa misasa inali bwinja, ena mwa anyamatawo atathawira ku Mozambique. Panthawiyo gululi linali litalowereredwa ndi ndale moti anthu ambiri ankalidziwa ndi mantha, osati ndi ulimi, ndipo sindikuona wolira kuti mfuti zija zinachotsedwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'misasamo munalinso minda, makola, zipangizo ndi alangizi odziwa ntchito, ndipo m'chipwirikiti cha nthawiyo palibe anakhala pansi kuti alekanitse khasu ndi mfuti. Zonse zinatayidwa mtolo umodzi.

Chachitatu chinabwera mu 1994 ndi maphunziro aulere a ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana anakhamukira: kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa asanadutse ku koleji. Mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo sakanawatengera kumunda. Malo ena a minda ya sukulu anamangidwapo makalasi, ena analowedwa ndi anthu oyandikana nawo. Pa nthawi yomweyo ntchito yodzithandiza inayamba kutchedwa thangata, sabata ya achinyamata inazimirira, ndipo kholo linkatha kufunsa kuti mwana wake akulimiranji kusukulu m'dziko la ufulu. Phunziro la ulimi linatsala, koma linasamukira pabolodi. Mwana amajambula khola la nkhuku m'kope, n'kukhoza mayeso, asanagwirepo mwanapiye wa kalabu.

Onani tsono: pa zinthu zitatuzi, ndi chiti chimene anachita ndi ana?

Makalabu anadzabadwanso m'maonekedwe ena. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, makalabu a fodya anachuluka, ndipo mwa ena a iwo munatuluka bungwe la NASFAM kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Awanso anali a eni minda. Njala ya 2001 mpaka 2002 itasakaza Kasungu, William Kamkwamba wa kwa Wimbe, pafupi pomwepa, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Ali ndi zaka 14 anapeza buku m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, maloto ake ali pa kupopa madzi othirira kuti kwawo asadzagonenso ndi njala. Dziko lonse lapansi likumudziwa kudzera m'buku la 2009 ndi filimu ya 2019. Kwa ine nkhani yake ndi umboni wakuti mwana wa m'dera lino wofuna kuthetsa vuto la kumunda analipo, ndipo anadziphunzitsa yekha chifukwa kalabu yomulandira kunalibe.

Zaka zotsatira nkhani ya ana ndi fodya inafika pabwalo la maiko. Kafukufuku wa bungwe la Plan wa 2009, yemwe anafika ndi ku Kasungu, anapeza kuti mwana wothyola fodya angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu nikotini wokwana mamiligiramu 54 pa tsiku, mlingo wa ndudu 50. Mu 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wochokera ku Malawi pa madoko ake pa nkhani ya ntchito za ana ndi zokakamiza, ndipo mu 2021 lamulo linathetsa utenanti. Kumuchotsa mwana m'chigafa n'koyenera. Koma ndikuona kuti zasiya chisokonezo: mphunzitsi ndi kholo ena tsopano amaopa ngakhale bedi la ndiwo zamasamba, osasiyanitsa kumuphunzitsa mwana ndi kumudyera masuku pamutu.

Zoyesayesa sizinathe. Masukulu a m'munda a ana, omwe mabungwe a FAO ndi WFP anayambitsa ku Mozambique mu 2003, anafika kuno. Ku Mwimba, m'boma lomwe lino la Kasungu, kuli koleji ya ulimi. Mu 2022 boma linakhazikitsa ku Neno ndondomeko yatsopano yophunzitsa achinyamata ntchito. Kenya nayo inadzutsa makalabu ake a 4-K mu 2021, omwe anayamba mu 1962 potengera makalabu a 4-H a ku America, komwe mwambo ndi wakuti mwana amakhala ndi chiweto kapena kamunda kakekake, amalemba zonse m'buku, amakaonetsa pachionetsero, ndipo phindu ndi lake. Kuno kwathu makalabu ambiri a achinyamata amabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu. Amalandira makeni othirira, mbewu ndi malaya olembedwa, ndipo ndalama zikatha chimatsala ndi chikwangwani m'mbali mwa msewu.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Ambiri mwa a ku Mtunthama adzadya za m'nthaka, afune asafune, ndipo amene akulima tomato m'madimba ndi soya m'minda yobwereka akuchita kale popanda wowalangiza. Pempho langa likupita kwa mafumu, makomiti a sukulu, mipingo ndi alangizi a m'derali. Perekani ndime ku kalabu ya ana, yolembedwa pamaso pa mfumu kuti isadzalandidwe. Ana asankhe okha chobzala, asunge okha buku la ndalama, ndipo zokolola zikagulitsidwa agawane poyera. Chibalo chisadzaperekedwenso m'munda umenewo. Zimenezi sizikudikira wothandiza wakunja, ndipo zingathe kuyamba mvula ikubwerayi.