Zaka 70 zofunafuna kuzizira kumene Einstein analosera

Mu June 1924, Satyendra Nath Bose, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Dhaka, anatumizira Albert Einstein pepala lofotokoza njira yatsopano yowerengera tizidutswa ta kuwala. Einstein analimasulira yekha m'Chijeremani n'kulisindikizitsa. Atayesa masamu omwewo pa maatomu, pofika 1925 anapeza zodabwitsa: mpweya ukazizira kopitirira muyezo, maatomu ambiri amaleka kuyenda iliyonse payokha, amayamba kuchita zinthu ngati chinthu chimodzi.

Kulosera kunali kosavuta, ntchito inagona pa kuziziritsako. Panafunika kufika kufupi kwenikweni ndi madigiri -273.15 a Celsius, malire amene palibe chinthu chingazizire kuwapyola. Vuto linanso n'lakuti mpweya umasanduka madzi kapena kuuma gwa usanafike kumeneko. Choncho unafunika kukhala wochepetsetsa kuti maatomu asagwirane, ndiponso usakhudze khoma la chotengera.

Njira inayamba kuoneka mu 1985 pamene Steven Chu ndi anzake ku Bell Labs anawomba maatomu a sodium ndi kuwala kwa laser kuchokera mbali zisanu ndi imodzi. Kulikonse kumene atomu yalowera, kuwala kumaikankhira kumbuyo mpaka liwiro lake litachepa, ndipo kuchepa kwa liwiroko ndiko kuzizira. Komabe laser payokha sinakwanitse. Akatswiri anatsekera maatomuwo mu msampha wa maginito n'kumalola otentha kwambiri kuthawa, monga phala limapolera nthunzi ikamachoka.

Msamphawo unali ndi bowo pakati penipeni, pamene mphamvu ya maginito inkatheratu, ndipo maatomu ozizira ankapulumukira pomwepo. Eric Cornell ndi Carl Wieman a ku JILA, mumzinda wa Boulder ku Colorado, anawonjezera mphamvu ya maginito yozungulira kuti bowolo lizisunthasuntha maatomu asanalipeze. Pa 5 June 1995 maatomu a rubidium pafupifupi 2,000 anaunjikana pamodzi monga Einstein ananenera. Wolfgang Ketterle wa ku MIT anatseka bowo lake ndi laser, ndipo patangopita miyezi yochepa anachita zomwezo ndi sodium. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Padziko pano kamtambo ka maatomuka kamagwa msanga msampha ukazimitsidwa. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la NASA linatumiza chipangizo cha Cold Atom Lab ku International Space Station, kumene kamtamboka kamayandama kwa nthawi yotalikirapo akatswiri akukayeza.